Mabanzi Akuda a Atate

Fungo la utuchi wonyowa silinandichoke m'mphuno. Ngakhale lero, ndikadutsa pamene akalipentala akupala matabwa mvula itangowaza, ndimachepetsa liwiro, ndipo mtima umabwerera ku Kalingalinga, kuseri kwa nyumba yathu ya njerwa zosawotcha, miyendo yanga ili mbuu ndi chisanu cha mwezi wa Juni. Utuchi wa mukwa unali wofiirira, wonunkhira ngati mankhwala a chifuwa. Wa paini unali woyera ndi wopepuka, ndipo ukalowa m'tsitsi unkakhala momwemo mpaka Loweruka. Komboni yathu inali ya anthu a ntchito za manja. Kusanayere bwino macheka anali atayamba kale kulira, kenako nyundo, kenako kuthetheka kwa owotcherera zitsulo amene ankapanga mageti ndi mbaula m'mbali mwa msewu.

Chaka chimenecho ndinali mu giredi yachitatu, ndipo atate anali pakhomo. Fakitale yawo inkapanga ndowa ndi mabeseni, ndipo iwo ndiwo ankayendetsa makina aakulu osindikiza malata. Malata ochokera kunja atasiya kubwera, makinawo anazimitsidwa, antchito nauzidwa kuti akadikire kunyumba. Atate anadikira mpaka nsapato zawo za ntchito zinauma gwa pansi pa bedi. Inali nthawi ya mizere: mzere wa ufa, mzere wa sopo, mzere wa shuga, mzere wa mafuta ophikira amene tonse tinkawatcha saladi. Amayi ndiwo ankagwira nyumba ndi zitumbuwa. Ankakazinga pa mphambano, mng'ono wanga Yotamu ali kumbuyo, n'kumagulitsa kwa anthu opita kukagwira ntchito kumayadi. Koma malasha, makala amene mbaula yawo inkadya m'mawa uliwonse, ankakwera mtengo ngati akuthamangitsidwa, ndipo malole obweretsa ankabwera mwa apo ndi apo chifukwa cha kusowa kwa dizilo ndi matayala.

A Zulu, mkulu wa mpingo wathu, anali khukhi panyumba ina kumayadi a ku Kabulonga. Lamlungu lina anadutsa kwathu n'kuwauza atate kuti pafupi ndi pomwe iwo ankagwira pakufunika mlonda. Atate anawathokoza mwaulemu, anawaperekeza mpaka pa mpopi, koma yankho linali limodzi.

"Ine ndine munthu wa makina, a Zulu. Manja awa si ogwirira chibonga pa geti ya munthu."

Amayi anamva ali m'nyumba. Mbale zinalira kwambiri madzulo amenewo.

Kuseri kwathu kunali kalipentala wa ku Luapula amene tinkamutcha bashi Mulenga, kutanthauza atate a Mulenga. Utuchi wawo unali utaunjikana chulu chachikulu pakati pa nyumba ziwirizi, ndipo ife ana tinkadumphirapo kuchokera pa khoma. Atate anayamba kukhala pa chitsa moyang'ana chulucho, chibwano chili m'manja. Tsiku lina ananyamuka, natapa utuchi wodzaza dzanja, naufinya, naufumbatula. Kenako anakapempha.

"Tengani chabe, ba Phiri," anatero bashi Mulenga akuseka. "Mwanithandiza, vanichinga na njila."

Makina amene atate anapanga anali a zinthu zotola. Panali paipi yaifupi yonenepa, yoboola timabowo m'mbali, yoima pa thabwa lolimba. Panali chitseko cha mtengo, kachipika kozungulira kolowa m'paipimo ndendende. Pamwamba pake pankadutsa mpiringidzo wautali wachitsulo wochokera ku bedi lakale, mbali imodzi yomangidwa ndi bawuti ku mzati umene anaukwirira pansi, mbali inayo ili lende m'mwamba. Ukakanikiza kumapeto kwa mpiringidzo, chitseko chinkatsika n'kupana zimene zili m'paipi. Atate anati tikaupana bwino utuchiwo udzasanduka nkhuni zolimba zoyaka ngati malasha. Ine ndinakhulupirira nthawi yomweyo, chifukwa atate sankanena zinthu kawiri.

Utuchi sunakhulupirire msanga. Wouma unkatuluka m'paipi n'kufutukuka ngati siponji, ukaugwira n'kumwazika. Atauthira madzi ambiri, unatumphuka m'timabowo n'kuwathira atate kumaso, ndipo ndinaseka mpaka kukhala pansi. Anandiyang'ana, matope akuyenderera m'ndevu, nawonso nayamba kuseka. Ndinali ndisanawamve akuseka chiyambire kukhala pakhomo. Kenako anasakaniza dothi la pachulu cha chiswe kuti ligwirizanitse utuchiwo. Zinatuluka zokongola, zozungulira ngati mabanzi, ndipo dzina limenelo linakhazikika. Koma zinali zolemera, ndipo pamoto zinkangofuka n'kusiya mwala wofiira.

Ntchito yanga inabwera mwangozi. Atate atatsamira mpiringidzo ndi thupi lawo lonse, unapindika, ndipo anataya masana onse akuuwongola ndi nyundo. Komanso panafunika munthu wogwira paipi kuti isapendekeke pamene wina akukanikiza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, napinda chisaka, nachimangirira kumapeto kwa chitsulocho.

"Nelia, khala apa. Usadumphe, ungokhala."

Ndinakhala. Mpiringidzo unatsika pang'onopang'ono, madzi akuda akudontha m'timabowo, mpaka unaima wokha. Atate anatenga msomali nakanda kamzere pa mzati pomwe chitsulo chinalekezera. Anazindikiranso kuti ndikanyamuka msanga, banzi linkafufuma n'kung'ambika m'mbali, koma ndikakhalitsa linkatuluka logwirana. Analibe wotchi, popeza anali ataigulitsa, choncho anandiuza kuti ndiziimba ndime imodzi ya nyimbo ya ku Sande sukulu, ndikamaliza ndiye ndizitsika. Ndinkathamanga kuchokera kusukulu, kuvula yunifolomu, kukwera pa chisaka changa n'kuyamba kuimba, miyendo ikulendewera. Anzanga ankasuzumira pa mpanda wa maluwa n'kumafunsa, "Batate bako baumba vidole?" Iwo atate awo ankachoka kusanache n'kubwera kutada. Anga anali nane tsiku lonse, ndipo popanda ine makina sankayenda.

Tsoka linabwera chifukwa cha changu. Atate anachepetsa dothi, mabanzi ena n'kuyamba kuoneka bwino, ndipo atawayanika pa denga kunja kwake kunauma gwa. Anawanyengerera amayi kuti ayese pa mbaula ya malonda. Sabata imeneyo amayi anali atapeza botolo la saladi ataima pamzere kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka. Anavomera monyinyirika. Mabanziwo anali ouma kunja kokha, mkati muli chinyezi. Anatulutsa utsi woyera wotsamwitsa, ena anaphulika n'kumwaza phulusa m'chiwaya, ndipo moto sunakwere. Zitumbuwa zinakhala m'mafuta ofunda, zikumwa saladi ngati thonje, n'kutuluka zotuwa, zolemera, zonunkha utsi. Mayi wina wogwira ntchito kumayadi analuma kamodzi n'kubweza. Amayi anabwera kunyumba beseni lili lodzaza, botolo lili lopanda kanthu, maso ali ofiira. Sindikudziwa ngati unali utsi wokha.

"Atate a Nelia," anatero motsitsa mawu, "saladi ija ndinaiimirira tsiku lathunthu ndi mwana kumbuyo. Matope anuwa musadzandibweretserenso pa mbaula yanga."

Tinadya zitumbuwa zautsizo mpaka zinatha. Atate sanaziteteze, sanapepesenso ndi pakamwa. Anatenga banzi limodzi lotsala, nalithyola pakati, nandionetsa mtima wake wakuda ndi chinyezi. Anakhala akuliyang'ana nthawi yaitali ngati munthu amene wapeza chomwe chinapha nkhuku zake.

Masabata otsatira tinagwira mwakachetechete, amayi akakhala kuti apita pa mphambano. Bana Mulenga, mkazi wa kalipentala uja, anali ataona zonse ali pa chingwe choyanikira zovala. Anabwera ndi kathumba ka chinangwa chouma chimene abale awo anatumiza kalekale, chofumbwa ndi chakuda moti nkhuku zinkachikana.

"Dothi siiyaka, ba Phiri. Phikani phala ya ivi, yoonda, muikemo. Izagwila."

Phala lija linasintha zonse. Linali loterera, lomata zala, ndipo linkapsa limodzi ndi utuchi osasiya mwala. Atate anayamba kupita kumsika wa malasha ndi tsache, kukasesa fumbi lakuda limene ogulitsa ankalisiya pansi. Anthu amene ankawadziwa ali ndi ovolosi ya fakitale ankawaona akusesa, koma iwo sankatukula mutu. Fumbilo ankalisakaniza ndi utuchi, ndipo utsi unachepa. Anaboola chitini ndi msomali kukhala sefa, chifukwa zidutswa zikuluzikulu zinkasiya mipata ndipo banzi linkathyokera pomwepo. Chinyezi choyenera ankachidziwa ndi dzanja: ukafumbata, pazituluka dontho limodzi kapena awiri pakati pa zala, osati mtsinje. Anaika kandodo pakati pa paipi kuti banzi lililonse lizituluka ndi bowo, mphepo izidutsa poumitsa ndi poyaka. Anasiya kuwaponya padzuwa akadali aawisi, popeza ankang'aluka ngati zidendene zathu. Ankayamba awafoletsa mumthunzi wa khonde, kenako n'kuwakweza pa denga pakati pa miyala yotsindira malata, ndipo ine ndinkawatembenuza m'mawa ndisanapite kusukulu.

Mayeso analinso anga. Atate ankaika banzi pamutu panga, ndikawerama linkagwa pansi pouma. Likasweka, ankalibwezera m'beseni. Likagudubuzika lathunthu, ankatenga awiri n'kuwagundanitsa pafupi ndi khutu langa. Aawisi ankati phu, phu. Ouma ankalira ngwe, ngwe, ngati makapu. Tinawaunjika pakona ya khonde n'kuwafunditsa chisaka, muluwo n'kumakula, koma amayi ankadutsa ngati sakuuona. Tinkangowagwiritsa ntchito ife awiri, kuwotchera mbatata ndi kuotha manja.

Chakumayambiriro kwa Julaye malole a malasha anasiyiratu kubwera. M'mawa wina wozizira kwambiri, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, amayi anabwera kuchokera kumsika chimanjamanja. Ufa wa zitumbuwa anali ataukanda kale, ndipo unali utafufuma mpaka kukankha nsalu yovundikira. Anali atapezanso saladi pang'ono kwa mnzawo. Anaima pakati pa bwalo, akuyang'ana beseni, akuyang'ana mbaula yozizira. Atate anali pa chitsa chawo akunamizira kukonza sefa. Kenako amayi anapita pakona ya khonde, anavundukula chisaka, natenga mabanzi awiri. Anawagundanitsa pafupi ndi khutu, ndendende mmene atate ankachitira. Apo m'pamene ndinadziwa kuti masiku onsewo ankaona.

"Nelia, nyamula awa. Ouma okha, osati a dzulo."

Tsiku limenelo sindinapite kusukulu ndipo palibe anandikalipira. Mabanzi anachedwa kugwira, amayi akupemerera ndi chivindikiro, milomo ili yolumana. Atagwira, anafiira kuyambira m'bowo kupita kunja, ndipo moto unakhala wofanana, wosakwera wosatsika. Zitumbuwa zinayandama, zinatembenuka zokha, zinatuluka zofiirira ndi zopepuka. Pa mphambano yonse mbaula yoyaka inali ya amayi yokha, ndipo anthu ankaima kuotha manja asanagule. Beseni linatha dzuwa lisanakwere, moto ukadalipo. Titabwerera, atate anali pomwe tinawasiya, sefa ili pa maondo.

"Phulusa lachuluka," anatero amayi akudutsa.

Koma anawathirira tiyi m'kapu yawo ya fakitale, naika pambali zitumbuwa ziwiri zimene anabisa m'nsalu. Atate anadya pang'onopang'ono, akuyang'ana pa denga.

Masabata amene anatsatira ndi amene ndimawakumbuka ndikafuna kukumbuka zabwino. Azimayi oyandikana nafe ankabwera ndi zitini kudzatenga mabanzi a ba Phiri, ena n'kusiya tomato, ena tinsomba ta kapenta todzaza dzanja. Anzanga aja ankapempha kuti nawo akhaleko pa mpiringidzo, atate n'kukana kuti makinawo anazolowera munthu mmodzi. Madzulo tinkazungulira mbaula pakhonde, Yotamu akugona pa miyendo ya amayi, zala zathu zili zakuda mpaka m'zikhadabo, ndipo atate ankafotokoza za makina enieni amene adzapange, a jeke ya lole, opana mabanzi ambiri nthawi imodzi. Amayi ankati, "Tiyambe taona," koma ankamwetulira.

Moto unalipo, koma chophika chinayamba kusowa. Ufa wa tirigu unazimiririka m'masitolo, kenako saladi, ndipo amayi anatsuka chiwaya n'kuchipachika. Anthu a zitini ankabwerabe, koma manja awo anali opanda kanthu ngati athu. Tinayamba kudya kamodzi, madzulo. M'mawa tinkamwa madzi otentha a masamba a mandimu opanda shuga. Mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi ndi mapepala m'komboni, ndinadwala m'mimba. Ndinagona pa mphasa masiku angapo, denga likuzungulira, ndikumva makina ali zii kuseri. Nditangotha kuima, ndinapempha kubwerera pa chisaka changa.

Mabanzi a sabata imeneyo anatuluka ofooka. Akagwa kuchokera pamutu panga ankasweka pawiri, ena n'kunyenyeka m'mbali asanafike n'komwe pa denga. Atate anayamba kufufuza. Anaganiza kuti phala lachepa mphamvu, naphika lina lolimbirapo. Sizinasinthe. Anakayikira utuchi, nakafunsa bashi Mulenga ngati asintha matabwa. Anasefa kawiri. Anafumbata chosakanizacho, nawerenga madontho, napukusa mutu. Anandiuza kuti ndiziimba ndime ziwiri m'malo mwa imodzi, ndipo ndinaimba ndi mtima wonse, ngakhale mpweya unkandithera pakati.

Ndili pakati pa nyimbo, atate anasiya paipi n'kuyang'ana pa mzati. Chitsulo chinali chitaima pamwamba pa kamzere ka msomali kaja, mpata wokwana zala ziwiri uli pakati. Anagwedeza bawuti, inali bwino. Anayang'ana ngati chitseko chakakamira, sichinakakamire. Kenako anayang'ana ine. Anabwera kumapeto kwa mpiringidzo, nandigwira m'khwapa, nandinyamula. Sananditsitse msanga. Anandigwira m'mwamba choncho, manja awo akuda akuzungulira nthiti zanga. Ndinaganiza kuti akufuna kundikalipira.

"Ndinaimba zonse ziwiri, atate," ndinatero.

"Unaimba bwino, mwana wanga. Pita ukakhale padzuwa."

Anatsuka paipi, anapachika sefa pa msomali, navundikira beseni la chosakaniza chotsala. Anasamba kwa nthawi yaitali, akupala zikhadabo ndi kamtengo. Anatulutsa nsapato zija pansi pa bedi, nazipaka mafuta a makina mpaka zinafewa. Amayi anawafunsa kumene akupita, ndipo anayankha kuti kwa a Zulu. Amayi anapita kukawafunira chijasi chakale m'sutikesi.

Anayamba ulonda sabata yomweyo. Ankanyamuka dzuwa likupendeka, chijasi chili pa phewa, n'kubwera m'mawa ine ndikukonzekera sukulu, maso awo ali olemera. Nthawi zambiri ankatulutsa m'thumba kapepala ka nyuzipepala kamene a Zulu ankawapatsira pa geti, muli mikute ya buledi, mpunga wa dzulo, mwina fupa lokhala ndi nyama pang'ono. Ankandikhazika pa chitsa chawo n'kuimirira pomwepo mpaka nditamaliza, ndipo akakhutira kuti ndameza zonse ndi pamene ankapita kukagona.

Ine sindinkafuna buledi. Ndinkafuna makina. Loweruka lina ndinanyowetsa utuchi ndekha, ndinadzaza paipi, ndinatola miyala n'kuimangirira m'chitenje cha amayi m'chiuno mwanga. Ndinakwera pa chisaka, ndipo chitsulo chinatsika mpaka kupitirira kamzere kaja. Ndinaitana mokweza mpaka atate anatuluka, ali ndi tulo m'maso.

"Onani, atate! Chafika! Manje mungaleke kuyenda kuja."

Anayang'ana mzati, anayang'ana chitenje chotupa ndi miyala. Anayamba ngati akuseka, koma kusekako sikunathe bwino. Anagwada, namasula mfundo, nachotsa miyala umodzi umodzi n'kuiika pansi mosamala ngati mazira. Anandisisita mutu, nachotsa utuchi m'tsitsi langa, kenako anazungulira kuseri kwa chimbudzi ndipo anakhalitsako.

Mvula itayamba, mulu wa utuchi unasanduka matope ofiira, ndipo mpiringidzo unachita dzimbiri, nkhuku za bana Mulenga n'kumagonapo. Amayi anayambiranso kukazinga ufa utabwerera, ndipo nthawi zina ankadandaula kuti malasha ogula sakhalitsa ngati aja. Atate anakhala mlonda mpaka tsitsi lawo linayera. Fakitale sinawaitanenso, ndipo makina a jeke ya lole sanapangidwe. Ine ndinachira, masaya anabwerera, yunifolomu inayamba kundithina.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndine ndinagwetsa ntchito ya atate, kuti ndikanakhala wolemera monga ndinalili mu Juni, sakanavala chijasi chija. Ndinali kale ndi ana anga pamene ndinaganiza bwinobwino kuti munthu amene anayendetsa makina osindikiza malata sakanalephera kumangirira njerwa imodzi kumapeto kwa chitsulo. Vuto la makinawo akanalithetsa madzi a tiyi asanawire. Mwana amene ndinali nthawi ijayo ankati atate asiya mabanzi chifukwa iye wapepuka, ndipo sanalakwe ngakhale pang'ono. Anapitadi kukaima pa geti ya eni chifukwa ndinapepuka, kungoti chimene ankafuna kukonza sanali mabanzi.